Ndagula Polo ya 1.2 turbo, alamu anga akuti ndagula mavuto. Ikhalitsa kuno ku Zomba?

Mayi wa ku Matawale

Moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga mavuto a anzanga muno, lero ndabwera ndi langa.

Mwezi wa Julayi ndinalandira galimoto yanga yoyamba, VW Polo ya 2012, injini ya 1.2 TSI, giya ya otomatiki ija amati DSG. Inachokera ku Japan, kudzera pa Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, ikuonetsa kuti yayenda makilomita 78,000. Ndalama yake ndinasonkha zaka zitatu, ina ya ku banki m'khonde, ina ngongole ya kuntchito yomwe ndikubwezabe mpaka pano. Ndinaisankha chifukwa msonkho wa injini yaing'ono umatsikirapo, komanso anandiuza kuti siimwa mafuta. Pa mafutapo sananame. Ndipo mphamvu ili nayo. Mu Ogasiti ndinatenga ana ndi mchemwali wanga kupita ku Ku Chawe, tonse asanu m'kati, ndipo inakwera phiri lonse lija osalira n'komwe.

Kayendedwe kanga ndi aka. M'kati mwa sabata ndimachoka ku Matawale, kusiya ana kusukulu, kupita kuntchito m'tauni, madzulo kubwerera. Ulendo umodzi sukwana makilomita asanu. Loweruka lililonse ndimapita kwa mayi anga kupitirira Jali, ndipo ndikasiya tala pamakhala msewu wafumbi wa makilomita ngati asanu ndi anayi. Ku Blantyre ndimapita kamodzi pamwezi.

Chomwe chandisowetsa tulo ndi alamu anga. Iwo amayendetsa Sienta ya matola ndipo galimoto amazidziwa kuposa ine. Tsiku lomwe anatsegula boneti anangopukusa mutu n'kunena kuti, "Mlamu, za turbo izi si za ku Malawi kuno. Ikangofika pa 100,000 muyambe kusunga ya injini ina." Pano ili pa 82,000.

Milungu itatu yapitayo ndinakachititsa sevesi pa galaja ina kufupi ndi depoti. Mnyamata yemwe anagwira ntchitoyo anathira oyilo wochokera m'chigubu chachikulu chopanda chizindikiro. Nditafunsa anati ndi 20W-50, oyilo wolimba, woyenera dziko lotentha ngati lathu lino. Fyuluta anakagula yekha kumsika. Sindinatsutse chifukwa sindinkadziwa kanthu. Koma chichokereni kumeneko, ndikailiza m'mawa pamamveka kaphokoso ngati tcheni cha njinga chikukhula pa chitsulo, krrrr, kwa masekondi awiri kapena atatu, kenako zii. Masana sikamveka. Kale kaphokoso kameneka kunalibe, ndikutsimikiza, chifukwa galimoto yanga ndimaimvetsera ngati mwana.

Ndithandizeni abale. Kodi kaphokosoka ndi turbo yayamba kufa monga akunenera alamu? Oyilo woyenera ndi uti? Ndi zoona kuti ndisanaizimitse ndizidikira kaye? Nanga mafuta akasowa pa pampu, a mavenda aja ndingathire? Ngati yankho ndi lakuti ndiigulitse isanandigwetse m'mavuto mundiuze mosabisa, ngakhale mtima ukuwawa.

Wa Axio ku Sadzi

Achemwali, alamu anu sakukufunirani zoipa. Ine ndili ndi Axio ya injini ya 1NZ, yopanda turbo, chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano. Ikatsokomola, makaniko aliyense wa pansi pa mtengo wa mango amaidziwa, ndipo sipeya yake ngati sipezeka muno mu Zomba, ku Limbe mumaipeza tsiku lomwelo, yatsopano kapena yomasula pa inzake. Yanuyo ikavuta muyamba kuimba mafoni ku Blantyre ndi ku Lilongwe, mwina mpaka kudikira wina wochokera ku Johannesburg. Ndi mmene kwacha inagwera mu Novembala 2023 muja, ndi 44 peresenti, chilichonse choitanitsa kunja chikupweteka.

Sindikunena kuti Polo ndi galimoto yoipa. Pa msewu wa Blantyre imandipitirira ngati ndaima. Koma inapangidwira anthu a misewu yosalala, okhala ndi galaja yake pafupi. Inu muli ndi ngongole, muli ndi ana, muli ndi msewu wa kwa mayi. Ndikanakhala ine ndikanaigulitsa ikadali yowala n'kugula Vitz kapena Fit. Ndi maganizo anga chabe.

Makaniko wa ku Mpondabwino

Mayi, ndiyambe ndi chomwe sichingadikire. Oyilo ameneyo achotsedwe sabata ino, pamodzi ndi fyuluta yake. Musadikire kuti akwanitse makilomita ake poti munalipira. Za kugulitsa galimoto muganize pambuyo pake.

Ine ndagwira injini zaka zoposa 20. Ndinayambira pa dizilo za malole, ndipo tiinjini ta petulo ta turbo tayamba kundipeza kawirikawiri zaka zaposachedwazi. Zomwe anena achimwene a Axio pa nkhani ya masipeya sindikutsutsa, n'zoona. Koma zoti turbo ili ndi tsiku lake lofera pa 100,000, ayi. Turbo zakufa zomwe ndamasulapo ndi manja angawa, ndikaziyang'ana bwino ndimapeza chomwe chinazipha: oyilo wolakwika, oyilo wokhalitsa, kapena fumbi. Injini ya Axio mukailakwira imakukhululukirani zaka. Iyi siikhululuka, kusiyana kwake ndi kumeneko.

Ndikufotokozereni chomwe chili pansi pa boneti yanu kuti mumvetse chifukwa chake. Turbo ndi timafani tiwiri tolumikizidwa pa kachitsulo kamodzi. Utsi wotuluka mu injini umazunguza fani yoyamba, ndiye inzake ija imakankhira mpweya wochuluka mu injini. Mpweya ukachuluka, petulo wopsa amachulukanso, mphamvu n'kukwera. N'chifukwa chake ka 1.2 kanuko kamatulutsa 105 horsepower, zomwe kale zinkafuna injini ya 1.6. N'chifukwa chakenso sikanalire pokwera ku Ku Chawe. Mukamakwera phiri mpweya umapepuka, injini wamba imafooka, pomwe turbo imangowonjezera kukankha n'kubwezeretsa zomwe zatayika.

Tsono kachitsulo kaja kamazungulira kopitirira ka 150,000 pa miniti imodzi, ndipo utsi womwe ukukazunguza umatha kutentha kufika madigiri 900. Pa liwiro limenelo sikayenera kukhudza chitsulo chinzake ngakhale pang'ono. Kamayandama pa oyilo wopyapyala kuposa pepala, yemwe amafika kudzera m'kapaipi kochepa ngati cholembera. Oyilo yemweyo ndiye amachotsanso kutentha. Ndiye taganizani za 20W-50 m'mawa wa kuno ku Zomba, kutacha ndi nkhungu yotsika m'phiri. Amakhala ngati uchi wa mu Juni. Pomwe azifika kumtunda, turbo yazungulira kale kambirimbiri ili youma. Ndipo oyilo wotchipa wa mtundu umenewo akakumana ndi moto wa turbo amapsa n'kusanduka makala m'kati mwa kapaipi kaja, njira n'kumachepa pang'onopang'ono. Mnyamatayo sikuti anafuna kukuonongerani. Anaphunzirira pa minibasi zakale zomwe zimafunadi oyilo wolimba, ndipo akuganiza kuti injini zonse ndi chimodzimodzi. Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi chigubu chopanda chizindikirocho, chifukwa palibe angalumbire kuti munali chiyani.

Oyilo woti mugule: yang'anani kuseri kwa botolo, palembedwe kuti VW 502 00. Kawirikawiri amakhala 5W-40 wa fully synthetic. Dzina la kampani lisakuvuteni, nambala imeneyo ndiyo nkhani. Injini yanu imalowa malita 3.6, choncho botolo la malita anayi likwana, koma la malita asanu ndi labwino kuti wotsalayo muzisunga mu buti. Mugule nokha pa sitolo yodalirika kapena pa filling station, botolo lomata, ndipo polithira muime pomwepo muone akulitsegula. Oyilo wachinyengo alipo, wothiridwa m'mabotolo akale a makampani odziwika. Buku la galimotoyo limalola makilomita 15,000 kapena chaka, koma amene analemba sankaganiza za msewu wa ku Jali mu Okutobala. Ine makasitomala anga ndimawauza 7,500 kapena miyezi isanu ndi umodzi, chomwe chayamba kukwana.

Kwa inu miyeziyo ndiyo yofunika kuposa makilomita, ndipo chifukwa chake ndi maulendo anu afupiafupi aja. Injini iyi imapopera petulo molunjika mu silinda. Ikakhala yozizira, petulo wina sapsa, amatsetsereka m'mbali mwa pisitoni n'kukalowa mu oyilo. Kuchoka ku Matawale kufika m'tauni injini imakhala isanatenthe mokwanira kuti petuloyo auluke, ndiye amangounjikana sabata yonse, oyilo n'kumasungunuka. Solani dipstick, kachitsulo koyezera oyilo kaja, Lachisanu madzulo mununkhize, mumva. Ulendo wa ku Blantyre uja musauone ngati wotopetsa galimoto, ndi umene umaitsuka.

Tsopano kaphokoso kanu. Mmene mwakafotokozera, si turbo. Turbo ikamafa imalira ngati sayirini ya ambulansi mukaponda moto, imatulutsa utsi wa buluu ku ekizozi, ndipo oyilo amatsika msanga. Chomwe mukumva inu ndi timing chain, tcheni chomwe chimagwirizanitsa mapisitoni ndi mavalavu. Injini yanu ndi ya gulu lotchedwa EA111, nambala yake imayamba ndi CBZ, ndipo ndi nkhani yodziwika kulikonse kuti matcheni a injini zoyambirira za gulu limeneli ankatha kutamuka msanga. Opanga anasintha kapangidwe ka tchenicho pambuyo pake, ndipo pa injini yotsatira, EA211, yomwe inalowa mu Polo kuyambira 2014, anaika lamba m'malo mwa tcheni.

Koma musathamangire kuganiza kuti chanu chatha. Tchenicho chimakungidwa ndi kachipangizo kotchedwa tensioner, komwe kamadalira mphamvu ya oyilo. Pa injini imeneyi fyuluta ya oyilo imakhala pamwamba, chozondoka, ndipo yabwino imagwira oyilo kuti asatsikire yense pansi usiku. Fyuluta yotchipa ya kumsika siigwira. Kukacha, pampu iyenera kudzaza kaye fyulutayo, ndi oyilo wolemera uja, tensioner isanalandire kanthu. Masekondi awiri atatu amenewo tcheni chimakhala chikukupiza. Poti mwanena kuti phokoso linayamba itangochoka ku sevesi, ndikukayikira fyuluta ndi oyilo poyamba.

Chitani chonchi. Mukasintha zonse ziwiri, galimoto igone usiku wonse. M'mawa tsegulani boneti, wina ailize, inu muime pafupi ndi injini mumvetsere. Muchite masiku atatu otsatizana. Phokoso likatha, thokozani. Likapitirira, kapena likamatalika, pitani kwa munthu yemwe ali ndi kompyuta yowerenga galimoto za VW aone ngati timing yayamba kusuntha. Ikakhala yasuntha, musinthe zonse pamodzi: tcheni, tensioner, timapulasitiki tomwe chimatsetserekapo ndi magiya ake. Ndi ndalama ndithu, koma ntchito ya tsiku limodzi. Mukachisiya n'kudumpha dzino, mapisitoni amamenya mavalavu, ndipo apo ndiye mawu a alamu anu amakwaniritsidwa.

Zina ziwiri mwachidule. Tsiku lina injini ikadzayamba kunjenjemera n'kuyaka nyali yochenjeza ya pa dashibodi yolembedwa EPC, wina asadzakugulitseni turbo asanaike pa kompyuta. Pa injini imeneyi nthambo za mapulagi zimadutsa pafupi ndi moto wa turbo ndipo zimapsa, komanso pali kamota kakang'ono komwe kamatha kuuma, kotsegula ndi kutseka wastegate, kachitseko kopatutsa utsi kuti turbo isakankhe mopitirira. Zonsezi n'zotsika mtengo poyerekeza ndi turbo. Chachiwiri, mu radiyeta musathire madzi a pampopi, ngakhale athu ozuna a ku Mulunguzi. Muzithira coolant wake wapinki uja wa G12. Pa injini iyi madzi amaziziritsa turbo komanso mpweya womwe turbo yakankha, ndiye dzimbiri likalowamo limaononga zambiri.

Wa pa M3 tsiku ndi tsiku

Mayi, ine ndiyankhe la mavenda lokha, chifukwa linandichitikira ndipo sindifuna lichitikire wina.

Ndimakhala ku Chinamwali koma ntchito ndimagwira ku Blantyre, ndiye msewu umenewu ndimaudziwa dzenje lililonse. Galimoto yanga ndi ya mtundu wina, ya masilinda atatu, 1.0 turbo, ndinaigula kwa munthu yemwe anaitenga ku South Africa. Inandiyendera bwino zaka ziwiri. Kumapeto kwa 2024, mafuta atasowa muja, ndinagona pa mzere usiku umodzi osapeza kanthu, ndipo m'mawa mwake ndinali ndi msonkhano womwe sindikanatha kujomba. Ndinagula malita khumi m'zigubu m'mbali mwa msewu. Mtundu wake unkaoneka bwinobwino. Ndinadutsa Thondwe, ndinadutsa Namadzi, palibe vuto. Nditayamba kukwera cha ku Njuli n'kuponda moto kuti ndipitirire lole, mu injini munamveka ngati wina akugwedeza timiyala m'chitini. Nyali inayaka, mphamvu inatha. Cholakwa changa chachikulu n'chakuti sindinaime. Ndinaikakamiza mpaka ku Limbe.

Atatsitsa thanki anapeza madzi pansi, ndipo petuloyo ankanunkha parafini. Ndinasintha mapulagi, pampu ya mafuta ya high pressure ndi injector imodzi (kachipangizo kopopera petulo mu silinda), kutsukitsa thanki, galimoto n'kukhala pa galaja milungu isanu kudikira zida. Amakaniko anandiuza kuti pisitoni inapulumukira pa kam'bowo ka singano. Anandifotokozera kuti injini ya turbo imapanikiza mpweya kwambiri, choncho imafuna petulo wosayaka msanga, ndipo parafini amatsitsa octane, muyeso wa kusayaka msanga kumeneko, mafuta n'kumaphulika nthawi isanakwane. Timiyala tija ndi kuphulika kumeneko. Yanuyo pa chitseko cha thanki payenera kuti palembedwa 95, octane yomwe imafuna, taonani. Ku Japan galimoto za ku Ulaya zotere amazimwetsa petulo wa pamwamba uja.

Ena amanamizira ethanol. Petulo wa pa pampu ku Malawi kuno wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, wochokera ku Dwangwa, kenako ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amakweza octane, satsitsa. Vuto lake n'lakuti amakoka chinyezi. Mu thanki yotseka bwino palibe nkhani, koma m'chigubu chomwe chakhala padzuwa ndi pamvula, chotsegulidwatsegulidwa, simudziwa chomwe mukugula, ngakhale wogulitsayo atakhala wachilungamo. Pano lamulo langa ndi lakuti thanki isatsike kupitirira theka, ndipo mafuta akasowa galimoto imagona pakhomo, ine n'kukwera minibasi. Inu ntchito yanu ili pafupi, kabaza akufikitsani.

Poti mumayenda pa fumbi Loweruka lililonse, samalaninso air filter. Anyamata ambiri amaichotsa n'kuipopera ndi kompuresa kuti ioneke yoyera. Mphepo imeneyo imaboola pepala timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo mchenga ukadutsa umakakumana ndi fani yomwe ikuzungulira pa liwiro lomwe anena amakaniko lija. Ingogulani yatsopano, ndipo muonetsetse kuti chivindikiro chatsekedwa mbali zonse.

Za kudikira musanazimitse, ine ndimadikira mphindi zisanu nthawi zonse, kulikonse komwe ndaima.

Wa ku Domasi

Pepani kulowerera. Nanga ine wa Nissan Note ya 1.2 yolembedwa DIG-S, zonsezi zikundikhudza? Anandigulitsa akuti ndi ya turbo.

Makaniko wa ku Mpondabwino

A ku Domasi, yanuyo ilibe turbo, ili ndi supercharger. Ntchito ndi yofanana, kukankha mpweya, koma imazunguzidwa ndi lamba osati utsi, ndiye siitentha ngati turbo. Za oyilo wabwino, air filter ndi mafuta a m'zigubu zikukukhudzani ndithu, poti nayonso imapopera petulo molunjika mu silinda.

Achimwene a pa M3, pepani ndi zomwe zinakuonekerani, ndipo zonse mwanena za mafuta ndi fyuluta ndikuvomereza. Poti mwati yanu ndi ya masilinda atatu, fufuzani ngati ili m'gulu la injini zomwe timing belt yake imasambira mu oyilo, monga Ford 1.0 EcoBoost ndi Peugeot 1.2 PureTech. Pa zimenezo oyilo wolakwika amadya lamba, nyenyeswa zake n'kukatseka sefa ya pampu ya oyilo pansi pa injini. Oyilo wa Polo si wa injini zimenezo, iliyonse ili ndi nambala yake m'buku.

Koma pa mphindi zisanu zija ndisiyana nanu. Mukungotentha petulo. Lamulo limenelo linachokera ku turbo zakale zomwe zinkaziziritsidwa ndi oyilo yekha. Polo ya mayiwa ili ndi kapampu ka magetsi komwe kamapitiriza kuzunguza madzi injini itazima ngati kwatentha. Mayi, tsiku lina mukadzamva kakung'ung'uza pansi pa boneti makiyi ali m'manja, musadzaope, ndi kameneko. Mukamachokera ku Blantyre, kuyenda pang'onopang'ono kuja kuyambira pa chipatala chachikulu, kudutsa m'tauni mpaka ku Matawale, turbo imakhala yazizira kale. Fikani, zimitsani. Pofunika kudikira ndi pomwe mwaigwiritsa ntchito yolemetsa n'kuima nthawi yomweyo, monga mwakwera phiri lonse mpaka ku Ku Chawe mutadzaza anthu, kapena mwathamanga pa M3 n'kupatukira pa msika wa Thondwe kukagula tomato. Apo ipatseni miniti imodzi.

M'mawanso chimodzimodzi. Kuiliza n'kuisiya ikulira mphindi khumi inu mukuveka ana yunifolomu sikuithandiza, chifukwa injini yongoima imachedwa kutentha ndipo petulo uja amalowa wambiri mu oyilo. Ilizeni, dikirani theka la miniti, nyamukani mofatsa, osaponda moto kwambiri kwa mphindi khumi zoyamba.

Ndiwonjezere za giya, poti Zomba ndi wa zitunda. DSG yanu ya magiya asanu ndi awiri si otomatiki ngati ya Axio. M'kati mwake muli maklatchi awiri ouma, ngati a galimoto ya manyuwo, kungoti amaponda ndi kompyuta. Mukaima pa chitunda n'kumaigwira ndi moto kuti isabwerere m'mbuyo, mukuwotcha klatchi. Pondani buleki zolimba, nthawi yonyamuka ikakwana nyamukani. Mukakhala kumbuyo kwa lole ya matabwa pa msewu wa kuphiri, kankhirani ndodo ku mbali ya manyuwo muigwire pa giya 1 kapena 2, isamangosinthasintha. Potsika gwiritsaninso giya yotsika kuti mabuleki asapse. Poimika pa mtsetse, handibuleki kaye, kenako P.

Amene muli ndi injini yomweyi koma ya manyuwo, musaisiye pa chitunda itatsamira pa giya yokha. Galimoto ikasuntha pang'ono imatha kuzunguza injini chobwerera tcheni chili cholobodoka, n'kudumpha dzino. Batire likafooka musaikankhe, pezani nthambo mulumikize ku galimoto ina. Ndipo pokwera, musaponde moto mpaka pansi muli pa giya yapamwamba injini ikuyenda pang'onopang'ono. Tiinjini ta turbo timadana nazo zimenezo, tsitsani giya kaipume bwino.

Mayi wa ku Matawale

Ndabweranso patatha masiku khumi kuti ndikuuzeni mmene zayendera. Zikomo nonse, makamaka bambo a ku Mpondabwino. Ndinasindikiza yankho lanu pa pepala n'kuliika m'galimoto.

Oyilo wolembedwa VW 502 00 ndinamupeza ku Blantyre, botolo la malita asanu, pamodzi ndi fyuluta ya oyilo ya m'katoni yake ndi air filter. Kupita kumeneko ndinakwera minibasi, sindinafune kuiyendetsa ulendo wautali ndi oyilo uja. Ndalama yake inaposa katatu yomwe ndinalipira pa sevesi yoyamba, ndipo mwezi uno zina zapakhomo zadikira. Ndinapita kwa makaniko wina yemwe anzanga akuntchito anandilozera, ndipo ndinaima pomwepo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Oyilo wakale potuluka ankachita kunanda ngati phala la mwana. Fyuluta yomwe anachotsa inalibe dzina lililonse, ngakhale nambala. Koma chomwe chinandiopsa ndi air filter. Pa sevesi yoyamba ija anandiuza kuti aiyeretsa. Inali yofiira ndi dothi la kwathu, ndipo pakona imodzi pepala linali litang'ambika moti chala chinkalowa. Amakanikowo anamasula paipi yopita ku turbo n'kuunika ndi tochi ya foni. Akuti mapiko a fani akadali osongoka bwino ndipo kachitsulo sikakugwedera, mwina chifukwa yangoyenda choncho milungu yochepa.

M'mawa woyamba ndinatsegula boneti, mwana wanga wamkulu n'kuiliza. Kaphokoso kanamveka pang'ono, mwina theka la sekondi. Tsiku lachiwiri sindinamve kanthu. Tsiku lachitatu linali Lamulungu ndipo alamu anali atabwera kudzatenga ana kupita nawo kutchalitchi, ndiye anaima nane limodzi, khutu pafupi ndi injini. Inalira bwinobwino. Iwo akuti maganizo awo pa masipeya sanasinthe, ndipo achimwene a Axio munanenanso zomwezo, ndazimva. Ndaganiza zoisunga, koma mwezi uliwonse ndiziika kandalama padera ka galimoto yokha, ndisanagwire china chilichonse. Pa kompyuta ndikaiikabe ndikadzapita ku Blantyre kumapeto kwa mwezi, kuti ndidziwe za tchenicho ndi mtima umodzi. Pa chitseko cha thanki palembedwadi 95.

Ndatsala ndi funso limodzi, bambo. Madzi a m'kabotolo ka radiyeta ndi apinki monga munanenera, koma ali pa mzere wa pansi penipeni injini ikazizira. Ku sitolo komwe ndinagula oyilo analibe G12, anali ndi wolembedwa G13, wooneka ngati wapepo. Ndingawonjezere ameneyo pa wapinkiyo, kapena ndidikire mpaka ndipeze wofanana? Loweruka ndikuyenera kukatenga mayi kubwera nawo kuchipatala, ndipo sindifuna kunyamuka madzi ali pamenepo.